Ndime ya Anthu Oomba M'manja

Lolemba, 5 Okutobala 1987

Andigoneka. Bedi nambala 7, wodi ya amuna ya chifuwa chachikulu, kuseri kwenikweni kwa chipatala cha mishoni, kufupi ndi mabulugama. Makhololo ayeza kawiri, kawiri konse apezamo tizilombo. Sikelo yati makilogalamu 51, chonsecho chaka chatha ndinali 63. A Sisitala Margareta, amene amayang'anira wodi ino, ati ndizibayidwa jakisoni m'mawa uliwonse kwa masiku 60, kuphatikizapo mapiritsi, ndipo pano sindituluka mpaka womaliza.

Ndawerengetsera pa zala. Tikayamba mawa, wa 60 agwera pa 4 Disembala. Mayeso ndi pa 12 Disembala ku Lilongwe. Mulungu alipo ndithu.

Ndilembe bwino za mayesowa, kuti thupi likatentha ndizikumbuka chimene ndikumwera mankhwala. Malo ndi amodzi okha: mphunzitsi mmodzi wa Chingerezi m'chigawo chino apite ku Amereka zaka ziwiri kukachita digiri yachiwiri. A ku likulu anasankha ine, Agustino Kanyenda. Wachiwiri pa mndandanda, wolowa m'malo ine nditalephera, ndi Benjamini, mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo kuyambira tili ku Zomba, amene tikuphunzitsanso naye sukulu imodzi. Koma yunivesiteyo silandira munthu asanakhoze mayeso ake, ndipo gawo lozunza ndi la kuwerenga. Amakupatsa ndime yaitali ya nkhani yoti sunaimvepo chibadwire, kenako mafunso, funso lililonse mayankho asanu ofanana ngati mazira, usankhepo limodzi nthawi isanathe.

Wandibweretsa ndi Benjamini yemweyo pa njinga yake yamoto, atandimangirira kumsana kwake ndi chitenje cha mkazi wanga Tereza kuti ndisagwe m'mitunda ya Dowa. Potsanzika wati, "Iwe Agustino, usadandaule. Malo ako palibe awakhudze. Loweruka lililonse ndizibwera ndi ndime zatsopano." Misozi inalengeza, ndinayang'ana kumbali.

Lachiwiri, 6 Okutobala

Jakisoni woyamba, thako lamanzere. Singano yake yoti nkusokera matumba. Mapiritsi asanu ndi awiri m'mimba muli gwa. Masana mkodzo wasanduka wofiira, ndathamangira kwa a Sisitala, iwo angoseka, ati ndi mankhwalawo.

Pa bedi nambala 8 pali a Elifala, mlimi wa fodya wa ku mapiri a Ntchisi. Ali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri zimene amazitchula kuposa ana awo. Iwo ali pa jakisoni wachitatu. Ataona kukula kwa buku langa la mayeso andifunsa, "Aphunzitsi, mwabwera kudzachira kapena kudzatsegula sukulu?"

Lachisanu, 9 Okutobala

Jakisoni 4. Kutentha thupi 38.2.

A Elifala ndawalemba ntchito. Chingerezi sachidziwa, koma wotchi amaiwerenga mopanda chibwana, poti anagwirako ku migodi ku Joni. Ndimawapatsa wotchi yanga nkuwauza kuti mphindi khumi ndi ziwiri, ndime imodzi ndi mafunso ake. Amakhala tsonga pabedi, maso pa wotchi, nthawi ikangokwana amamenya supuni pa kapu ya chitsulo: "Yathaa! Cholembera pansi!" Wodi yonse imaseka mpaka kutsokomola. Lero ndawapempha theka la mphindi lokha, ati, "Ku Lilongweko mukapemphanso?"

Ndakhoza anayi pa asanu ndi awiri. Zamanyazi.

Loweruka, 10 Okutobala

Jakisoni 5. Tereza wabwera ndi mazira owiritsa asanu ndi limodzi, mtedza wokazinga ndi botolo la thobwa. Ana ali bwino, Kristina akufunsa ngati ku chipatala kuli bolodi. Mazira awiri ndapatsa a Elifala, malipiro a wotchi.

Benjamini wafika masana, fumbi mpaka m'nsidze. Wakhala pabedi panga penipeni osaopa, nkulemba ndime ziwiri zatsopano m'kope.

Za makopewa zinayamba chonchi. Buku lalikululi ndinalimaliza katatu, mayankho ndinachita kuwaloweza. Ndikangoona mutu wa ndime dzanja limadzilembera lokha B, D, A. Ndiye mu Juni tinapangana kuti tizipangirana ndime tokha. Aliyense amakopera nkhani m'magazini akale, nkupeka mafunso ake, mnzake ayankhe, mwini mafunso achonge ndi cholembera chofiira. Choncho kope la dzanja la Benjamini limakhala ndi ine, la dzanja langa limakhala kwa iye. Magaziniwo ndi ake, amampatsa msuweni wake woyendetsa malole opita kunja.

Benjamini ndi mphunzitsi wabwino, ana amamukonda, koma pa zowerengazi ndi mbuzi. Amawerenga ndime ndi mtima wake. Likangobwera funso loti wolemba akutanthauza chiyani, iye amasankha yankho lomukomera. Ndimamuuza tsiku ndi tsiku kuti yankho lili m'ndimemo, za kwanu uzisiye pakhomo. Amangoseka, amati, "Wopita ndiwe, ine ndingokuperekeza."

Lachitatu, 14 Okutobala

Jakisoni 9. Ndasanza phala. Zilembo zikuvina, sindinawerenge.

Pa bedi nambala 2 atulutsapo munthu m'mawa atamufunditsa kumutu.

Loweruka, 17 Okutobala

Jakisoni 12. Sikelo 51 ndi theka. Thako lonse latupa, ndikugona chafufumimba.

Benjamini wabwera ndi malalanje ndi ndime ya mileme, mmene imaonera njira ndi makutu. Asanu ndi limodzi pa asanu ndi awiri, mphindi khumi ndi imodzi. A Elifala aomba m'manja ngati ng'ombe yawo yabereka. Potuluka Benjamini anaima nthawi yaitali pakhonde ndi dokotala. Ndamufunsa pawindo kuti mumakambirana chiyani, wati amafunsa zakudya zoyenera munthu wa chifuwa. Abale enieni sanafike nkomwe, koma iye.

Lachitatu, 21 Okutobala

Jakisoni 16. Kutentha thupi kwatsika, 37.4.

A Elifala ayamba kufuna kumva zimene ndikuwerenga. Lero inali ndime ya mitsinje ya madzi oundana imene imayenda pang'onopang'ono nkumakumba zigwa. Ndawamasulira. Ati, "Bodza. Mtsinje wouma ungayende?" Ndati mayesowa safunsa ngati ndi zoona, amafunsa zimene wolemba wanena. Ati, "Ndiye munthu akanama bwino, inu mumakhoza pobwereza bodza lakelo? Sukulu yake imeneyo?" Ndawauza kuti agwire wotchi, za ndime azisiye.

Nkhawa yawo ndi nazale. Ati akazi awo amathirira kamodzi patsiku m'malo mwa kawiri, akudziwa ngakhale sakuona. Dzuwa la mwezi uno silikusewera.

Loweruka, 24 Okutobala

Jakisoni 19. Sikelo 52.

Tereza wabwera ndi nkhwani zotendera ndi mbatata. Benjamini wafika mochedwa, ndipo sanakhale pansi. Ati ali ndi chimfine, akuopa kundipatsira. Wapempha kope la dzanja lake lija kuti akalembemo ndime khumi nthawi imodzi kunyumba, m'malo molemba ziwiriziwiri pabondo. Ndamupatsa, ndamuthokoza kawiri. Sabata ino ndibwereza buku lalikulu ngakhale ndikudziwa mayankho.

Loweruka, 31 Okutobala

Jakisoni 26.

Benjamini sanabwere. Tereza wati ana asukulu akukonzekera nyimbo ndi magule a msonkhano wa chipani pa boma, aphunzitsi onse ali kalikiliki. Nzomveka.

Poti ndilibe ndime zatsopano, ndakopera malangizo a pa botolo la mankhwala ophera tizilombo nkudzifunsa ndekha mafunso. A Elifala ati misala imayamba chonchi.

Lachiwiri, 3 Novembala

Jakisoni 29. M'makutu mwayamba kulira, ndikaimirira msanga dziko limazungulira. Dokotala wati ndi jakisoniyo, achepetsa mlingo pang'ono. Ndamufunsa ngati ndidzathe kukhala maola atatu pa desiki pa 12 Disembala. Wati ndikamadya chonchi ndidzatha.

Sikelo 53.

Loweruka, 7 Novembala

Jakisoni 33. Benjamini sanabwerenso.

Tereza wabwera ndi masuku oyamba. Akusenda mbatata wangoti, "Bambo a Kristina, katoni ija ndaika pansi pa bedi lathu." Ndati katoni yanji? Wati ya magazini. Benjamini anabwera nayo Lamulungu lapitalo, ati kwawo ana akung'amba, ndipo ati ine ndinavomera kuti isungidwe kwathu. Ine sindinavomere chilichonse, nkhaniyo sindikuidziwa nkomwe. Watinso Lachitatu anamuona atavala suti akukwera basi ya ku Lilongwe, anamupatsa moni wa patali.

Mwina anandiuza tsiku lija thupi linatentha, ndinaiwala. Ku Lilongwe mwina wakafuna ndime ku laibulale. Tereza anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza kusenda.

Lachinayi, 12 Novembala

Jakisoni 38. Ndilemba zonse.

Cha m'ma 10 koloko kunaima galimoto pansi pa mabulugama. Analowa amuna awiri a masuti, mabaji a chipani pachifuwa. Sananene maina, anangoti ndi a boma. Anaima kumapazi kwa bedi, mipango pamphuno. Wodi yonse inangoti zii, ngakhale chifuwa chinaleka.

Wamtali anatulutsa kope m'chikwama. Lachikuto chobiriwira. Langa, limene limakhala kwa Benjamini.

"Dzanja ili ndi lanu, a Kanyenda?"

"Ndi langa, bwana."

Anatsegula pa ndime ya 14. Ndime imeneyo ndinaikopera mu Ogasiti. Imanena za dziko lina la pachilumba kutali uko, kumene mtsogoleri wokalamba ankati akatsika ndege, anthu ankaomba m'manja mpaka manja kutupa. Ndinaisankha chifukwa ziganizo zake ndi zazitali, zokhotakhota, zofanana ndi za pa mayeso. Mulungu ndi mboni, china panalibe. Funso lachinayi ndinalemba kuti, malinga ndi wolemba, anthuwo ankaomba m'manja chifukwa chiyani? Benjamini anasankha B, chifukwa ankamukonda. Ine ndinathetha ndi chofiira, nkulemba pambali pake, "Werenganso iwe! Ndi D, mantha."

Wamtali anaika chala pa chofiiracho. "Ndiye mnzanu akati anthu amakonda mtsogoleri wawo, inu mumati walakwa?"

"Ikutero ndi ndimeyo, bwana, osati ine. Mayeso ake amafuna zimene wolemba wanena."

"Ndimeyi anasankha ndani?"

"Ine."

"Funsoli anapeka ndani?"

"Ine."

"Mawu akuti mantha analemba ndani?"

"Ine."

"Nanga wolemba amene mukumunenayo ndi uti?"

Apo anandigwira. Ine amene ndimaphunzitsa Folomu 4 kuyankha mafunso.

Wamfupi anati dzulo anakafufuza kunyumba kwanga, apeza katoni ya magazini oletsedwa pansi pa bedi. Anafunsa kumene ndinawatenga. Dzina la Benjamini linafika pa lilime penipeni. Koma ndinaona mmene zithere: ndikatchula iye, atchula msuweni wake, tikhala atatu, ndipo anthu atatu owerenga magazini amodzi salinso aphunzitsi, ndi gulu. Gulu silibwerera kwawo. Ndinati anasiya ndi mphunzitsi wachizungu amene anabwerera kwawo zaka zitatu zapitazo. Analemba. Wamtali anati, "Mnzanu ndi nzika yabwino. Zinamuvuta kwambiri kubwera kwa ife, analira."

Analira!

Kenako anati ndivale. Apo ndi pamene a Sisitala Margareta analowa ndi buku lawo la odwala. Anati, "Bambo awa makhololo awo akadali ndi tizilombo tambiri. Ngati mukuwatenga, musayine apa kuti mwawatenga ndinu, ndipo mawindo a galimoto mutsegule onse. Kumene mukawasungeko jakisoni asadumphe tsiku." A Elifala anayamba kutsokomola dala, chifuwa chochokera kuphazi, ena onse nkulandira. Amunawo anayang'anana. Wamtali anati, "Chirani kaye, a Kanyenda. Tikudziwa pamene muli." Kope anapita nalo.

Kope lino lizigona pansi pa matiresi a a Elifala. Ati kumeneko ngakhale mfiti singapisepo dzanja.

Lachisanu, 13 Novembala

Jakisoni 39. Kutentha thupi 38.9. Sindinadye.

Loweruka, 14 Novembala

Jakisoni 40.

Tereza wabwera maso ali psuu. Anagubuduza nyumba yonse, mpaka ufa anaukhuthula pa mphasa. Kristina anadzikodzera. Anthu a m'nyumba za aphunzitsi asiya kudzapala moto kwathu. Wati, "Ndinalakwa ine kulandira katoni ija." Ndati ayi, inu munalandira katundu wa mlamu wanu, amene anatiimira pa ubatizo wa mwana wathu. Mukanakana bwanji?

Atapita ndatenga kope lino nkuwerenga kuyambira pachiyambi. Zonse zilimo, ndinazilemba ndekha. Pa 17 Okutobala Benjamini anaima ndi dokotala, si za zakudya ayi, amafuna kudziwa ngati ndichira mayeso asanafike. Atamva kuti ndichira, pa 24 anadzatenga kope la dzanja lake. M'kope limenelo muli ndime ya 9, ya ophunzira a dziko lina amene anaguba mumsewu, yoopsa kuposa yanga kutalitali, ndipo mafunso ake anapeka yekha. Ndinamupatsa ndi manja awiri, ndinamuthokoza kawiri! Pofika lero ndi phulusa. Kenako katoni. Kenako suti.

Sanachite mopupuluma. Anakhala pansi nkuganiza, sabata ndi sabata, akudya malalanje pabedi panga. Ndipo ankadziwa kuti sindimutchula. Chimene chikundiwawa kwambiri ndi chimenecho. Munthu wolephera mafunso a mwana wa Folomu 2 anadziwa bwinobwino chimene ndidzayankhe ine atandipanikiza. Wandidyera masuku pamutu ndili maso.

Ndimadana naye. Ndalemba kuti ndione mmene zikuonekera papepala. Ndimadana naye.

Lachiwiri, 17 Novembala

Jakisoni 43. A Elifala atenga wotchi okha nkuti, "Aphunzitsi, mphindi khumi ndi ziwiri." Ndatembenukira kukhoma. Ati, "Kodi kalata yabwera yoti simupita?" Ndati sinabwere. Ati, "Ndiye mukulira maliro munthu akupuma? Dzukani." Ndachita ndime imodzi ya m'buku lalikulu kuti andisiye.

Mwina a ku likulu aona kuti ndi zopusa. Ndime ya mayeso ndi ndime ya mayeso. Kumeneko kuli anthu ophunzira.

Lachisanu, 20 Novembala

Jakisoni 46. Kalata yabwera, kudzera kwa a hedimasitala. Ndime ziwiri zokha. Yoyamba ikuti dzina langa lachotsedwa pa mndandanda chifukwa cha thanzi langa, ndipo malo anga apatsidwa kwa wachiwiri, amene alembe mayeso pa 12 Disembala. Yachiwiri ikuti ndikatuluka m'chipatala ndisabwerere kusukulu kwathu, ndikayambe ntchito pa kasukulu kena ka m'mapiri a Ntchisi, kumene mabasi safika nthawi ya dzinja. Nyumba ya sukulu tituluke pofika pa 31 Disembala. Pansi a hedimasitala awonjezera ndi pensulo, "Muthokoze Mulungu kuti zathera pomwepa."

Ndaiwerenga kasanu. Palibe mawu ovuta.

Zaka zinayi ndakhala ndikudzuka nkhuku zisanatsike kuloweza mawu a Chingerezi oti ngakhale Mngerezi sawadziwa. Tereza anasiya kundituma kumunda kuti ndiziwerenga. Bambo anga ku Dzoole anauza mudzi wonse.

Lolemba, 23 Novembala

Jakisoni 49. Makhololo ayeza: mulibe tizilombo. Sikelo 56. Dokotala wandigwira chanza, ati ndine wodwala wabwino. A Sisitala andinong'oneza kuti zotsatirazi sazilemba msanga m'buku lalikulu, zidikire kaye.

Ndachira bwino, pa nthawi yake, monga ndinawerengetsera.

Lachitatu, 25 Novembala

Jakisoni 51. Mvula yoyamba inagwa dzulo masana, yamphamvu, fungo la dothi mpaka m'wodi. A Elifala anaima pawindo mpaka inakata.

Lero titamwa phala ndapita kukasamba, pobwera ndapeza bedi nambala 8 lili lokha. Athawa, kutatsala majakisoni asanu ndi awiri okha. Dzulo anandiuza kuti mbande sizidikira dokotala, ndimayesa nthabwala. Wotchi yanga aisiya pa pilo panga, kope lino alikulunga m'thaulo langa. A Sisitala akalipa, ati adzabweranso mu Febuluwale atanyamulidwa pa ngolo yawo yomweyo.

Sananditsanzike nkomwe. Koma iwo sanandilonjeze kanthu.

Loweruka, 28 Novembala

Jakisoni 54.

Abale inu, anthu ena manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo. Tereza wabwera ndi ngumbi zokazinga ndi kakalata. Sanapereke yekha Benjamini, anatuma mkazi wake Iness, amene anakapatsa Tereza kuchigayo osamuyang'ana kumaso. Ndikopera momwe kalili:

"Agustino, ndamva kuti ukupeza bwino, tikuyamika Ambuye. Zinthu zinafika povuta, tsiku lina ndidzakufotokozera ndipo udzamvetsa. Malo aja akanapita kwa munthu wa chigawo china, bola akhale pakati pathu. Chonde nditumizire buku lalikulu lija, masiku atha ndipo ndilibe poyeserera. Moni kwa onse m'wodi. Mnzako, Benjamini."

Moni kwa onse m'wodi! Mnzako!

Tereza wati, "Ndikaponye m'chimbudzi bukulo, kapena muponya nokha?" Sindinamuonepo atakwiya chotere. Ndaika bukulo pamiyendo. Kenako ndatsegula kumapeto, kumene kuli mayankho ndi kufotokoza kwake, masamba makumi anayi, ndang'amba onse bwinobwino motsata ulusi. Buku ndapatsa Tereza.

"Mukampatse. Ayankhe mafunso onse, asadziwe ngati wakhoza kapena walakwa. Mukamuuze kuti mayankho ali ndi ine. Ndituluka Loweruka likudzali. Akawafuna abwere adzatenge yekha, alowe muno, akhale pabedi pano pamene ankakhala, andiuze pamaso."

Tereza wati, "Mukuganiza abwera?" Ndati popanda mayankhowa sakhoza, ndikumudziwa. Abwera.

Lachiwiri, 1 Disembala

Jakisoni 57. Pa bedi nambala 8 abwera bambo ena a ku Mvera, salankhula.

Ndakhala ndikukonza zimene ndidzamuuze Benjamini. Ndayamba ndi zaukali, ndafafaniza. Funso ndi limodzi basi: unaganiza liti? Tsiku lija unandimangirira kumsana, unali utaganiza kale?

Tereza watumiza uthenga kudzera kwa dalaivala wa mishoni kuti buku linafika, ndi mawu anga omwe, anamuuza yekha pamaso pa Iness.

Lachisanu, 4 Disembala

Jakisoni 60. Womaliza, thako lamanja. Sikelo 58. Andipatsa khadi ndi mapiritsi a mwezi umodzi, otsalawo ndizikatenga ku Ntchisi mwezi ndi mwezi osadumphitsa. M'makutu mukulirabe, dokotala wati mwina sizidzatheratu.

Ndameta ndevu. Malaya oyera aja ndachapa ndekha.

Loweruka, 5 Disembala

Tereza anafika m'mawa kudzanditenga. Lole ya mishoni inanyamuka 10 koloko, dalaivala anatiitana kawiri. Ndinati tikwera basi ya 3 koloko. Tereza anakhala pa katundu.

Ndinakhala pakhonde, masamba aja ali m'manja. Makutu angawa ndi oipa tsopano, kangapo konse ndinamva njinga yamoto ikukwera mtunda, ndikuimirira, kulibe. Imodzi inabweradi cha m'ma 1 koloko. Anali mlangizi wa zaulimi, wabweretsa mkazi wake ku sikelo.

Podikira ndinayamba kuwerenga mayankhowo. Pa mayeso achitatu, funso 17, bukuli linalakwitsa: limati C, koma yankho ndi E. Ndinalimbana nalo sabata yathunthu mu Meyi ndisanazindikire. Benjamini akaona C angokhulupirira, ndipo ndi mtundu womwewo wa mafunso umene umamugwetsa. Ndinatulutsa pensulo nkukonza, ndi kulemba pambali chifukwa chake m'mizere itatu.

Sanabwere.

Masambawo ndawaika mu envelopu, ndalemba dzina lake, ndasiya kwa a Sisitala kuti dalaivala akapita Lolemba akampatse. Tereza anaona zonse. Wati, "Bambo a Kristina, munthu ameneyu watithamangitsa m'nyumba." Ndati ndikudziwa. Wati, "Nanga?" Wasenza katundu nkutsogola, ndipo mpaka pano tili pa siteji sanandiyang'ane.